Ma enzayimu ndi mafuta a nsomba: mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwera kawirikawiri kuchokera kwa anthu ogula makapisozi a omega-3, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, komanso ophunzira za zakudya ndi za ulimi wa nsomba. Ayambira pa zofunika kudziwa poyamba, n'kumalowa pang'onopang'ono m'kati mwa nkhani.

Kodi m'mafuta a nsomba muli chiyani chimene anthu amachifuna chonchi?

Muli mitundu iwiri ya mafuta a m'gulu la omega-3, imene imadziwika ndi zilembo zakuti EPA ndi DHA. DHA ndi imene imapezeka yambiri mu ubongo ndi kumbuyo kwa diso, ndipo mwana amaifuna kwambiri m'miyezi yomaliza ali m'mimba komanso m'zaka ziwiri zoyambirira. EPA imathandiza pa kayendedwe ka magazi ndi pa momwe thupi limathanirana ndi kutupa. Thupi la munthu limatha kupanga zimenezi kuchokera ku mafuta a mbewu zina monga soya, koma limapanga zochepa kwambiri, makamaka DHA. Nsombanso sizipanga zambiri pazokha: gwero lake ndi ndere zing'onozing'ono za m'madzi, zimene zimadyedwa ndi tizilombo ta m'madzi, ndipo nsomba zimadya tizilomboto.

Nkhaniyi inatchuka m'zaka za m'ma 1970, pamene madokotala awiri a ku Denmark, Hans Olaf Bang ndi Jørn Dyerberg, anapita ku Greenland kukayeza magazi a anthu a mtundu wa Inuit, amene chakudya chawo chinali nsomba ndi nyama za m'nyanja. Lero akatswiri a za zakudya a ku Ulaya amalangiza kuti munthu wamkulu azipeza mamiligalamu 250 a EPA ndi DHA patsiku, ndipo mayi woyembekezera kapena woyamwitsa aziwonjezerapo mamiligalamu 100 mpaka 200 a DHA.

Kuti mayankho otsatirawa amveke, pakufunika kudziwa kapangidwe ka mafuta. Kachidutswa kakang'ono kwambiri ka mafuta kali ndi msana, umene ndi glycerol, gilisarini yemweyo amene anthu amadzola m'nyengo yozizira. Pamsanapo pali mipando itatu, woyamba, wapakati ndi wachitatu, ndipo pampando uliwonse pamakhala mchira umodzi wautali wotchedwa fatty acid. EPA ndi DHA ndi ina mwa michira imeneyi. Kachidutswa ka msana umodzi ndi michira itatu kamatchedwa triglyceride.

Nanga enzayimu ndi chiyani?

Ndi puloteni yopangidwa ndi zamoyo, imene imafulumizitsa kusintha kwa zinthu koma yokha osatha. Aliyense amene anaonapo thobwa likufululidwa anaiona ikugwira ntchito: phala lolimba la chimanga likazizira pang'ono n'kuthiramo chimera cha mawere kapena cha mapira, posakhalitsa limasungunuka n'kuyamba kutsekemera, chifukwa enzayimu ya m'chimeracho yadula sitachi n'kusandutsa shuga. Ndipo mayi wodziwa kufulula sathira chimera m'phala logaduka, popeza amadziwa kuti kutentha kumapha mphamvu yake. Chimodzimodzinso masamba a papaya amene anthu amakulungira nyama yolimba kuti ifewe.

Enzayimu iliyonse ili ndi ntchito yake. Imene imagwira mafuta imatchedwa lipase. M'thupi mwathu imapangidwa ndi chiwalo chotchedwa pancreas, kuseri kwa chifu, ndipo pothandizana ndi ndulu imadula michira kumsana wa mafuta amene tadya kuti alowe m'matumbo. Chimene opanga zakudya anachikonda n'chakuti lipase imatha kuchitanso zosiyana ndi zimenezi: pamene pali madzi ambiri imadula, koma pamene madzi achepa kwambiri imalumikiza mchira kumsana, kapena kusinthanitsa mchira wina ndi unzake. Mu 1984 Aleksey Zaks ndi Alexander Klibanov, a ku sukulu ya MIT ku America, anasonyeza kuti lipase youma imagwirabe ntchito m'zamadzimadzi zopanda madzi ngakhale pa kutentha kwa madigiri 100, ndipo zimenezi zinalimbikitsa kafukufuku wambiri pa mafuta.

Ngati mafuta a nsomba ndi abwino kale, n'chifukwa chiyani amawasintha?

Chifukwa choyamba ndi kuchepa kwa omega-3 m'mafutawo. Mafuta ambiri a pamsika amachokera ku kansomba kakang'ono ka anchoveta ka m'nyanja ya ku Peru, ndi nsomba zina zamafuta monga sardine ndi menhaden. Mafuta a anchoveta amakhala ndi EPA pafupifupi magawo 18 pa 100 alionse ndi DHA magawo 12. Choncho kapisozi wamba wa mamiligalamu 1,000 amakhala ndi EPA yokwana mamiligalamu 180 ndi DHA 120, ndipo zotsalazo, zomwe ndi magawo 70 pa 100, ndi michira ina imene munthu amaipeza kale m'chakudya cha tsiku ndi tsiku. Wodwala amene dokotala akufuna kuti azilandira magalamu atatu a omega-3 patsiku angafunike kumeza makapisozi 10 otere, ndipo ndi ochepa amene angapirire zimenezo kwa miyezi.

Chifukwa china n'chakuti ogula amafuna zosiyanasiyana. Wopanga mkaka wa ana amafuna DHA yambiri ndi EPA yochepa, pamene wopanga mankhwala ena a mtima amafuna EPA yokhayokha. Palinso amene amafuna kuti mchira winawake ukhale pampando winawake, monga tidzafotokozera kutsogoloku pa funso la mpando wapakati. Apa mpofunika kunena momveka kuti enzayimu siipanga omega-3 yatsopano. Imangosankha, kuchotsa ndi kusamutsa zimene nsomba inali nazo kale.

Bwanji osangogwiritsa ntchito moto ndi mankhwala, monga amachitira ndi mafuta ophikira?

Njira zimenezo zimagwiritsidwabe ntchito, ndipo m'mafakitale ambiri zimayenda limodzi ndi ma enzayimu. Vuto lake ndi kufooka kwa EPA ndi DHA. Mchira wa EPA uli ndi ma atomu a kaboni 20 ndi malo asanu olumikizika pawiri, wa DHA uli ndi ma atomu 22 ndi malo otere asanu ndi limodzi, ndipo malo alionse otere, pamene mchira umapindikira, ndi khomo limene mpweya wa okosijeni umalowerapo n'kuwononga mafuta. Kutentha kukapitirira madigiri 180, michirayi imayamba kupindika molakwika ndi kumatirirana, n'kutaya phindu lake.

Lipase imagwira ntchito pa kutentha kochepa, kawirikawiri pakati pa madigiri 40 ndi 65, popanda soda wamphamvu kapena asidi. Komanso imasankha. Mankhwala amadula michira yonse mofanana, pamene lipase ina imagwira mpando woyamba ndi wachitatu wokha, ina imadula michira yowongoka msanga n'kuchedwa pa DHA, chifukwa kupindika kwa DHA kumayambira pafupi kwambiri ndi msana ndipo sikulowa bwino m'kamwa mwa enzayimuyo. Kuchedwa kumeneku, kumene poyamba kunkaoneka ngati chilema, ndi kumene kunasanduka chida chenicheni cha ntchitoyi.

Kuipa kwake ndi mtengo ndi nthawi: enzayimu ndi yodula, ndipo ntchito imene mankhwala amaimaliza msanga iyo imatha kutenga tsiku kapena kupitirira.

Ma lipase amenewa amachokera kuti?

Pafupifupi onse amachokera ku yisiti, nkhungu ndi mabakiteriya amene amaweteredwa m'matanki akuluakulu. Yodziwika kwambiri ndi lipase B ya yisiti wotchedwa Candida antarctica, amene anapezeka koyamba m'matope a pansi pa nyanja ya Vanda ku Antarctica. Kampani ya Novozymes ya ku Denmark, imene mu 2024 inaphatikizana ndi Chr. Hansen n'kukhala Novonesis, imaigulitsa pa dzina lakuti Novozym 435. Palinso ya nkhungu ya Rhizomucor miehei ndi ya Thermomyces lanuginosus, zimene zimakonda mipando ya m'mbali, ndi ya yisiti wa Candida rugosa, imene imaizemba DHA.

Enzayimuyi siithiridwa m'mafuta ngati mchere. Amaimatiriza pa timikanda toyera ta pulasitiki, tochepa kuposa njere ya mapira, ndipo timikandato amatithira m'thanki ya mafuta n'kumatakasa, kapena amatilongedza m'chipaipi choimirira n'kumadutsitsamo mafuta pang'onopang'ono. Ntchito ikatha timikandato timasefedwa n'kugwiritsidwanso ntchito kambirimbiri, ndipo n'chifukwa chake mtengo wake umapiririka. Mmodzi mwa amene anachita zambiri poyesa timikanda timeneti pa mafuta a nsomba, kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndi Gudmundur Haraldsson wa pa yunivesite ya Iceland, dziko limene chuma chake chakhala chikudalira nsomba kwa nthawi yaitali.

Kodi ntchitoyi imayenda bwanji m'fakitale?

Njira yofala kwambiri ili ndi magawo atatu. Poyamba mafuta oyeretsedwa amasakanizidwa ndi mowa weniweni wa ethanol, ndipo michira yonse imachoka pamsana n'kumamatira ku ethanol, mchira uliwonse paokha. Zotulukazi zimatchedwa ethyl ester. Gawo limeneli limachitika ndi mankhwala kapena ndi lipase. Kenaka zimatchezedwa, mofanana ndi kutcheza kachasu, kungoti apa m'makinamo mpweya umakhala utapopedwa ndipo mafuta amakhudza chitsulo chotentha kwa timphindi tochepa chabe. Michira yaifupi imauluka msanga, EPA ndi DHA zimatsalira, ndipo omega-3 imakwera kuchoka pa magawo 30 kufika pa 50 kapena 60 pa 100 alionse. Ofuna kupitirira pamenepo amagwiritsa ntchito yureya woyeretsedwa, amene amagwira michira yowongoka n'kuuma nayo, kusiya yopindikayo ili yamadzi. Gawo lachitatu ndi limene enzayimu ilibe wopikisana nayo: ethyl ester uja amamusakaniza ndi glycerol ndi timikanda ta lipase B, ethanol amene akumasuka amayamwidwa kunja, ndipo michira ya EPA ndi DHA imabwerera pamsana itatuitatu.

Njira ina, imene yagwiritsidwa ntchito ku Japan pa mafuta a nsomba ya tuna, ndi yothira madzi ndi lipase ya Candida rugosa. Enzayimu imadula michira ina yonse msanga n'kusiya DHA ili chikhalire pamsana, kenaka michira yodukayo imachotsedwa, ndipo mafuta otsala amakhala ndi DHA yochuluka asanadutse n'komwe mu ethanol. Luso lake lagona pa kudziwa nthawi yoimitsa, chifukwa mukaisiya nthawi yaitali enzayimuyo imayambanso kudula DHA yomwe mumaifunayo.

Pabotolo pamalembedwa TG, EE kapena rTG. Kodi kusiyana kwake n'kotani, ndipo abwino ndi ati?

TG ndi mafuta a nsomba monga analili, michira itatu pamsana. EE ndi ethyl ester, amene anaimira pa gawo lachiwiri la ntchito yafotokozedwa pamwambapa. rTG ndi amene anamalizidwa gawo lachitatu, n'chifukwa chake amakwera mtengo.

Lipase ya m'matumbo mwathu imadula EE mochedwa kusiyana ndi TG. Mu 2010 Dyerberg yemwe uja ndi anzake anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa anthu 72 amene anamwa mitundu yosiyanasiyana kwa milungu iwiri, ndipo poyerekeza ndi mafuta a nsomba achilengedwe, rTG analowa m'magazi pa mlingo wa 124 peresenti, EE pa 73 peresenti. Ogulitsa rTG amakonda kutchula manambala amenewa, koma satchula kuti kusiyanaku kumachepa kwambiri munthu akamwa EE pamodzi ndi chakudya chamafuta, monga ndiwo zotendera kapena zokazinga, chifukwa mafuta a m'chakudya amachititsa kuti ndulu ndi lipase zituluke zambiri. Amene amameza kapisozi wa EE m'mawa ndi tiyi yekha ndi amene amataya zambiri. Kwa wogula wamba, chofunika kuposa zilembo zimenezi ndi kuwerenga kuseri kwa botolo kuti EPA ndi DHA zilimo mamiligalamu angati, osati kulemera kwa kapisozi yense, ndiponso kuona ngati mafutawo sanawonongeke.

Kodi mpando wapakati uli ndi phindu lanji?

Lipase ya m'matumbo imadula mchira woyamba ndi wachitatu, n'kusiya wapakati uli pamsana, ndipo wapakatiwo umalowa m'thupi mosavuta uli choncho. N'chifukwa chake akatswiri amayesetsa kupanga mafuta amene DHA kapena EPA ili pakati, ndipo m'mbali muli michira yaifupi, monga caprylic acid wa ma atomu a kaboni asanu ndi atatu, wopezeka m'mafuta a kokonati. Michira yaifupiyi imapita kuchiwindi mwachangu n'kupereka mphamvu, pamene omega-3 imakamanga thupi. Mafuta otere amaganiziridwa makamaka odwala amene matumbo awo sagaya bwino mafuta. Mankhwala a m'fakitale sangathe kuwapanga, chifukwa amamwaza michira mwachisawawa, koma lipase ya Rhizomucor miehei imasintha m'mbali mokha. Mwayi wake, m'mafuta a nsomba zambiri DHA imakonda kukhala pakati kale.

Kunena zoona, mafuta a nsomba okonzedwa motere akadali ambiri m'malo ofufuzira kusiyana ndi m'masitolo. Pamene lusoli lafika pamsika ndi pa mkaka wa ana wa m'zitini. Mu mkaka wa m'mawere, mchira wa palmitic acid umakhala pakati, pafupifupi magawo 70 pa 100 a mchira umenewu, pamene m'mafuta a mbewu umakhala m'mbali, ndipo ukadulidwa umagwirana ndi kashiyamu n'kuumitsa chimbudzi cha mwana. Ndi lipase yosankha mipando, opanga mkaka amasamutsira palmitic acid pakati, kenaka amawonjezera DHA ya tuna kapena ya ndere, imene mayiko a mu European Union anailamula kuti izikhalamo kuyambira mu 2020. Ntchito yonseyi ndi yongoyesa kufanizira mkaka wa mayi, ndipo malangizo a zaumoyo akadali akuti mwana ayamwe bere lokha kwa miyezi isanu ndi umodzi.

Kodi enzayimu imatsala m'mafutamo? Nanga kwa amene chipembedzo chawo chimaletsa zakudya zina?

Timikanda timasefedwa, ndipo mafuta amayeretsedwanso pambuyo pake, choncho enzayimu siikhala mbali ya chimene munthu amamwa. Ma lipase ambiri a malonda amapangidwa ndi nkhungu za mtundu wa Aspergillus zimene zinaikidwa chibadwa cha yisiti kapena nkhungu ina kuti zizipanga enzayimu yambiri, koma nkhunguzo sizifika m'mafuta.

Pa za chipembedzo, popeza ma lipase amenewa sachokera ku nyama, funso lalikulu limakhala pa chikopa cha kapisozi, chimene nthawi zambiri ndi jelatini wa ng'ombe, wa nkhumba kapena wa nsomba. Msilamu, kapena aliyense wosadya nkhumba, ayang'ane zimenezo pabotolo. Ethanol wa mu EE ndi womangika ku mchira ndipo ndi wochepa kwambiri moti sangaledzeretse, koma amene akukayika angasankhe TG kapena botolo lokhala ndi chizindikiro cha halaal. Amene thupi lawo limadana ndi nsomba afunse dokotala asanamwe.

Kodi ma enzayimu amachotsa fungo ndi poizoni?

Ayi, imeneyo ndi ntchito ya njira zina. Poizoni wa m'mafakitale amene amaunjikana m'mafuta a nsomba, monga dioxin ndi PCB, amachotsedwa ndi makala okonzedwa mwapadera ndiponso potcheza. Mercury, chitsulo chapoizoni, amamatira ku mnofu wa nsomba, choncho m'mafuta oyeretsedwa amakhala wochepa kwambiri.

Fungo loipa limabwera ndi okosijeni. Aliyense amadziwa usipa wouma umene wakhalitsa pamsika: umasiya kuwala kwake kwa siliva, umachita chikasu chakuda m'mimbamu, ndipo ukaphikidwa umawawa n'kumakereketa pakhosi. Amenewo ndi mafuta ake amene awonongeka. Mafuta amene omega-3 yawo yachulukitsidwa amawonongeka msanga kuposa pamenepo, n'chifukwa chake m'fakitale amawasunga pansi pa mpweya wa nayitirojeni, amawathira vitamini E kapena madzi a masamba a rosemary, ndipo oti alowe mu buledi kapena mu mkaka waufa amawakutira m'timipira ting'onoting'ono ta puloteni ndi sitachi. Mu 2017 bungwe la Codex Alimentarius linakhazikitsa muyezo wa mafuta a nsomba, umene umati pa manambala oyezera kuwonongeka kwa mafuta, ya peroxide isapitirire 5, ya anisidine isapitirire 20, ndipo ya zonse pamodzi, imene imapezeka pochulukitsa ya peroxide kawiri n'kuwonjezerapo ya anisidine, isapitirire 26. Kunyumba kulibe choyezera, koma munthu angathe kuboola kapisozi mmodzi n'kununkhiza. Kafungo ka nsomba yaiwisi si vuto, koma fungo lobaya ngati la penti ndi chizindikiro chakuti botolo lonse litayidwe. M'nyengo yotentha ya Okutobala botolo lisakhale pawindo kapena m'galimoto.

Kodi mafuta okonzedwawa amateteza matenda a mtima?

Chotsimikizika n'chakuti pa mlingo waukulu amatsitsa mafuta a triglyceride m'magazi. Mankhwala otchedwa Omacor, kapena Lovaza ku America, anavomerezedwa kumeneko mu 2004 pa ntchito imeneyi, ndipo kapisozi wake wa galamu imodzi ali ndi EPA yokwana mamiligalamu 465 ndi DHA 375, zonse za EE. Pa kupewa matenda a mtima weniweni zotsatira zasiyana. Kafukufuku wa REDUCE-IT wa mu 2018, wa odwala 8,179 amene theka lawo linkamwa magalamu anayi a EPA yokha patsiku, anapeza kuti mavuto a mtima anatsika ndi 25 peresenti, koma wa STRENGTH, wa EPA ndi DHA pamodzi, anaimitsidwa mu 2020 chifukwa phindu silinkaoneka. M'kafukufuku yense wawiriyu munaonekanso kuti mlingo waukulu umawonjezera vuto la kugunda kwa mtima kosalongosoka. Choncho magalamu angapo patsiku ndi mankhwala oyenera kulembedwa ndi dokotala, makamaka kwa amene akumwa kale mankhwala osungunula magazi.

Kodi ma enzayimu angathandize pa mitu ndi matumbo a nsomba zimene zimatayidwa?

Inde, koma apa imene imagwira ntchito ndi enzayimu ya mtundu wina, yogaya puloteni, monga Alcalase yochokera ku bakiteriya wa Bacillus licheniformis. Ku Norway, kumene amaweta nsomba za salmon zambiri, mitu, mifupa ndi zotsala zimagayidwa zikadali zatsopano, n'kutenthedwa pang'ono ndi enzayimuyo pa madigiri 50 mpaka 60. Mnofu umasungunuka, mafuta amayandama, mifupa imatsika pansi, ndipo zonse zitatu zimagulitsidwa. Chimene chimafunika kwambiri ndi liwiro ndi kuzizira, chifukwa matumbo a nsomba ali ndi lipase yawoyawo imene imayamba kuwononga mafuta nsomba ikangofa.

Nanga ife amene timadya usipa ndi matemba, nkhaniyi ikutikhudza bwanji?

Nsomba zing'onozing'ono zodyedwa zathunthu, monga usipa, utaka, matemba ndi kapenta, zimapereka DHA pamodzi ndi kashiyamu, ayironi ndi puloteni, zimene kapisozi alibe. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2015 anapeza kuti mkaka wa m'mawere wa amayi okhala pafupi ndi nyanja ya Malawi uli ndi DHA yambiri. Banja limene limadya nsomba kawiri kapena katatu pamlungu silifunika kudandaula kuti silingakwanitse botolo lodula la ku famase, ndipo ndalama imeneyo ingachite zambiri itagula usipa watsopano, wouma bwino.

Pamene luso losunga ndi kukonza DHA likutikhudza mwachindunji ndi pa ana onyentchera kwambiri. Chiponde chimene amalandira kuchipatala chimapangidwa ndi mtedza, mkaka waufa, shuga ndi mafuta a mbewu, ndipo chimakhala ndi omega-6 yambiri, mtundu wina wa mafuta umene umapikisana ndi omega-3 m'thupi. Pa kafukufuku amene anachitika kuno ku Malawi pa ana opitirira 2,000, wofalitsidwa mu 2022, ana amene analandira chiponde cha omega-6 yochepa chowonjezeredwa DHA anachita bwino pa mayeso a kakulidwe ka nzeru patapita miyezi isanu ndi umodzi kusiyana ndi amene analandira chiponde cha nthawi zonse. Kuti DHA ikhale m'kapaketi kwa miyezi yambiri m'chipinda chotentha cha chipatala cha kumudzi popanda kununkha, mwana n'kumadyabe mosangalala, pamafunika njira zotetezera zimene tazitchula pa funso la fungo.

Kodi nsomba zikwanira kuti dziko lonse lipeze mafuta amenewa?

Dziko lonse limapanga mafuta a nsomba okwana pafupifupi matani 1 miliyoni pachaka, ndipo gawo lalikulu limapita ku chakudya cha nsomba zowetedwa, osati kwa anthu. Gwero lakenso n'losadalirika: mu 2023, madzi a ku Peru atafunda chifukwa cha El Niño, boma linathetsa nyengo yoyamba yopha anchoveta, ndipo mtengo wa mafuta unakwera kwambiri. N'chifukwa chake makampani akuweta ndere monga Schizochytrium m'matanki, kuzidyetsa shuga n'kuyenga mafuta ake, amene ali ndi DHA yambiri ndipo ndi oyenera ngakhale kwa osadya nsomba. Ma lipase omwe aja amagwiranso ntchito pa mafuta a ndere, ndipo popeza amalekanitsa michira popanda kuiwotcha, amathandiza kuti mafuta a nsomba za omega-3 yochepa, kapena a zotsala za m'mafakitale, afike pa mlingo woyenera kulowa m'zakudya za anthu.